Njira ya Kuseri

Mayi wina wa m'tsinde mwa phiri akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti mwana wawo, wonyamula katundu wa alendo, yemwe anzake amamutcha Gwape, wasowa. Lolemba m'mawa Gwapeyo anakhala pakhonde akusoka lamba wa chikwama chake pang'onopang'ono, kenako anakwera phiri ndi achinyamata ochokera kutsidya la nyanja, kudera lomwe lili paubale ndi boma lathu. Onse anatsika bwino, koma iye anatumidwa kubwerera pamwamba, nkhungu itatseka kale, kukatenga foni yomwe mlendo wina anaiwala. Anavala juzi yobiriwira yong'ambika pachigongono. Amene wamuona auze mlonda wa pachipata cholowera kuphiri. Chilengezochi chachokera kwa mayi ake.

Komiti yoona za ubale wa madera awiriwa ikudziwitsa onse kuti phiri ndi lotsegula, ndipo alendo akuyendera mathithi ndi mapanga monga kale. Mwambo wotsanzikana ndi achinyamata aja ulipo Loweruka ku loji komwe akugona. Mtsikana yemwe anasankhidwa kupita kunja, mlongo wake wa Gwape, abwere adzayeserere mawu othokoza, chifukwa sakuoneka. Chilengezochi chachokera kwa mlembi wa komiti.

Mwini mbumba akudziwitsa abale a kuchimuna ndi kuchikazi kuti Gwape wapezeka atamwalira m'munsi mwa mathithi. Foni ija inali m'chikwama, itakulungidwa m'juzi yake, yosasweka. Mwambo woika maliro uchitika Loweruka. Popeza komiti yathandiza ndi bokosi, ndipo yapempha kuti alendo asakhumudwe, maliro adzadzera njira ya kuseri kwa chigayo, osati msewu wa loji. Nyimbo zidzayambe anthu atawoloka mlatho. Chilengezochi chachokera kwa amalume ake a malemu.

Mlongo wake wa malemu akudziwitsa amalume ndi komiti, ndipo wapempha kuti tiwerenge pa wailesi pano monga walembera: "Pamsonkhano wa banja ndinakhala chete, monga mwa masiku onse. Koma achimwene ankadutsa pamsewu wa loji atasenza zikwama za anthu mpaka khosi kuuma, ndipo palibe amene ankakhumudwa. Anzawo onyamula katundu avomera kuti Loweruka adzawanyamule pamsewu womwewo. Tidzaima pachipata cha loji kuti ndibweze foni ija m'manja mwa mwini wake, adziwe kuti inafika. Malo anga m'ndege mupatse wina. Amalume, pepani, nyimbo tidzayambira pakhomo." Chilengezochi chachokera kwa mlongo wake wa Gwape.