Bambo si Galimoto

— Halo?

— Halo, achimwene, mukundimva?

— Ndikukumva, chemwali. Wadzuka bwanji?

— Ndadzuka bwino, kaya inu?

— Tadzuka. Alamu anga ali bwanji?

— Ali bwino, apita kuntchito. Nanga alamu anga uko, ndi ana?

— Onse ali bwino. Wamng'onoyu ndiye chifuwa, koma ndi zija za galimoto kukazizira m'mawa, imayamba yatsokomola kaye isanalire.

— Mwayambapo. Mwana akutsokomola, basi.

— Kusaluni kukuyenda?

— Kukuyenda. Ndathawira kuseri kuno, ndasiya kasitomala nditamuluka mbali imodzi. Mayunitsinso ndi ochepa. Muli kugalaja?

— Ayi, ndili kuchipatala, pakhonde la wodi. Galaja ndatseka lero.

— Mwatseka? Inu amene munabwera paukwati wanga manja ali girisi yekhayekha? Bambo ali bwanji?

— Bambo... ukudziwa, chemwali, munthu ali ngati galimoto.

— Achimwene.

— Tadikira kaye. Galimoto ikayenda mtunda wautali...

— Sabata yatha munandiuza kuti matenda a bambo ndi tayala lophwa pang'onopang'ono. Ine ndinati tayala amamata, ndiye ndinawauza abwana kuti tchuthi ndidzatenga kumapeto kwa mwezi. Dzana munati batire. Lero ndi chiyani?

— Lero ndi filita.

— Adokotala anena kuti filita?

— Iwo akuti impso. Koma ndi chimodzimodzi, impso zimasefa magazi monga mmene...

— Ntchito ya impso ndikuidziwa. Zatani impsozo?

— Halo? Halo? Netiweki ikuvuta kuno.

— Musanamizire netiweki. Ndikukumvani bwinobwino, ngakhale nsapato za anesi ndikuzimva.

— Usapupulume. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

— Nkhono yalowa bwanji m'wodi? Tamverani, banja langa litagwedezeka munandiuza za giyabokosi, ndinaseka. Mwana wanu atalephera mayeso munati sitata, tonse tinaseka. Lero sindikuseka. Ndikufuna ndidziwe chinthu chimodzi: ndikwere basi lero kapena ndidikire kumapeto kwa mwezi?

— Zimatengera. Pali galimoto zina umaziona ngati zatha, koma ukazikankha...

— Amayi mwawauza chiyani?

— Ndawauza kuti bambo ali pasevisi yaikulu.

— Ndiye chifukwa chake! M'mawa uno amayi amandiuza pafoni kuti apita kunyumba kukachapa jekete la bambo ndi kukolopa kuchipinda. Akuti bambo atuluka posachedwa. Amaseka, achimwene.

— Ine sindinanene kuti atuluka.

— Galimoto ikapita kusevisi simabwerako? Amayi amva zomwe mwanena. Ndiye pambali pa bambo pali ndani panopa?

— Ndili ndekha.

— Chabwino. Foni yayamba kundichenjeza kuti mayunitsi akutha. Ndiuzeni mawu a adokotala mmene anatulukira pakamwa pawo. Musaikemo tayala, musaikemo nkhono.

— Anati impso zonse ziwiri zasiya kugwira ntchito.

— Eya.

— Anati makina osefa magazi aja bambo sangawapirire, mtima wafooka.

— Kenako?

— Kenako anati itanani abale.

— Ananena liti zimenezi?

— Dzana.

— Dzana? Tsiku la batire lija?

— Ndinakuimbira kuti ndikuuze, chemwali. Pakamwa panakana. Galimoto ikafa ndimadziwa pogwira. Apa sindikudziwa pogwira. Ndikuopa.

— Inenso ndikuopa. Koma mukanangonena, bwenzi ndili pompo kuyambira dzulo. Mwandipweteka, achimwene.

— Ndikudziwa. Pepa.

— Bambo akudziwa?

— Akudziwa. M'mawa uno ndimawapukuta kumaso, ndinayamba kuwafotokozera za injini yakale. Anandigwira dzanja, akuti, "Iwe, leka za magalimoto zakozo. Ine ndikufa. Mlongo wako ali kuti?"

— Inu munawayankha chiyani?

— Ndinati ukubwera.

— Mwanena zoona, ndikubwera. Kasitomalayu amumaliza anzanga, abwana ndiwauza ndili m'basi. Inu itanani alamu adzakhale ndi bambo, mupite mukawatenge amayi pompano.

— Ndingowaimbira?

— Ayi, osati pafoni, ali okha kunyumba. Mupite nokha. Mukawauza chiyani?

— Ndikati, amayi, bambo ali ngati...

— Achimwene!

— Ndikati, amayi, bambo akumwalira. Siyani kuchapa, tiyeni.

— Basi, mawu omwewo. Akalira muwasiye alire, musawauze za ladiyeta.

— Sindiwauza. Ufika nthawi yanji?

— Sindikudziwa, ndikwera yomwe ndiipeze. Musananyamuke lowani m'wodimo, muwauze bambo kuti mwana wawo wanyamuka, andidikire.

— Ndiwauza.

— Muwauze choncho, achimwene, musawonjezere chili...

— Halo? Chemwali? Halo?