Ndinabereka Atatu

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1951, ndipo anali oyamba m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndaima panoyu ndine mlongo wawo, mzime wa m'banjamo, ndipo mwa tonse aja ndatsala ndekha. Masiku ndi zaka zimene ndiwerenge pano anatchula okha ali pabedi kuchipatala, mwana wawo wamkulu akulemba. Choncho mukamva polakwika, dziwani kuti laterereka ndi lilime langa, chifukwa iwo sankalakwitsa tsiku.

Sukulu ya pulayimale anayamba mu 1958, ya sekondale mu 1966. Bambo athu anali telala, ndipo anzawo ankawaseka kuti akungotaya nthawi pophunzitsa mwana wamkazi. Bambo ankangopalasa makina awo. Pa 9 Epulo 1967 malemu anabatizidwa, ndipo kuyambira pamenepo sindikumbuka Sabata limene anajomba kutchalitchi ali bwino. Atamaliza sekondale anaphunzira kutayipa ndi kusunga mafayilo.

Pa 3 Januwale 1972 analembedwa ntchito m'boma ngati kalaliki mu ofesi yolemba anthu obadwa ndi omwalira. Amene munafikako mukuchidziwa chipinda chija: mabuku akuluakulu a zikuto zolimba ataunjikana mpaka kudenga, fungo la mapepala akale, benchi yaitali yogwedera, ndi kawindo kamene munthu unkachita kuwerama kuti uyankhule ndi kalaliki. Kuseri kwa kawindo kameneko anakhalako zaka 39. Anakwezedwa kukhala woyang'anira mu 1985, ndipo mu 1998 anakhala mkulu wa ofesi yonse, koma pakawindo sanachokepo. Ankati amene safuna kuona nkhope za anthu asagwire ntchito ya anthu.

Anzawo akuntchito anawapatsa dzina lakuti Mayi Werenganinso. Chikalata chilichonse asanasayine ankachitembenuzira kwa mwini wake n'kunena kuti, "Werenganinso." Ukati wawerenga kale, ankangokuyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka uwerenge. Mzere sankalola kudumpha, kaya ndiwe bwana, kaya ndiwe m'busa wawo. Ine ndemwe, mlongo wawo wa bere limodzi, ndinakhalapo pabenchi ija kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo nditafika pakawindo anandifunsa dzina.

Pa 17 Ogasiti 1974 anamanga banja ndi malemu alamu anga, amene anali makaniko wa mabasi. Mulungu anawapatsa ana atatu: wamkazi mu 1975, wamwamuna pa 3 Febuluwale 1977, ndi wamkazi wina mu 1981. Onse atatu anawalemba m'buku ndi dzanja lawo. Amuna awo anamwalira mu Novembala 1996, ndipo chikalata cha imfa yawo anasayinanso okha. Mumpingo anatsogolera gulu la amayi zaka khumi ndi zisanu, ankayendera odwala Lachinayi lililonse, ndipo anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo mu 2000. Kuyimba kokha ndiko Mulungu anawamana, ngakhale iwo sanavomereze zimenezi mpaka tsiku lomaliza.

Tsopano ndafika pa chaka chimene ambiri mukanakonda ndichidumphe. Anandiuza kuti ndisachidumphe.

Mu Julayi 2002 kunatuluka mwayi wa maphunziro a ntchito yozimitsa moto. Mwana wawo wamwamuna anali atakhala pakhomo zaka zinayi osapeza chochita, ndipo ntchito imeneyi ankaifuna ndi mtima wonse. Mayeso anakhoza, kuthamanga anaposa onse. Chinatsala ndi chikalata cha kubadwa. Ankafuna anthu osapitirira zaka 25, ndipo iye anali atapitirira ndi miyezi isanu yokha. Tonse pabanja tinaona kuti nkhaniyi ndi yaing'ono: buku lili m'manja mwa amayi ake, chidindo chili m'dirowa yawo, 1977 angomusandutsa 1978 basi. Amene anamulimbikitsa kuti apite ku ofesi ndine. Ndinamuuza kuti kunyumba amayi ako akana, koma pagulu sangakuchititse manyazi. Akulu anati fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo mphika umenewu ndinaswa ndine.

Anapitadi, anakhala pabenchi, nthawi yake itakwana anawerama pakawindo ndi chikalata chake chakale m'manja. Malemu anamumvetsera mpaka anamaliza. Kenako anati, "Tsiku limene unabadwa ine ndinalipo. Ndilembe bwanji tsiku lina?" Iye anapemphanso. Malemu anayang'ana kumbuyo kwake, kumene kunali anthu ena, nanena mawu amene ankanena kambirimbiri patsiku: "Wotsatira." Mwanayo anasiya chikalatacho pakawindo pomwepo n'kutuluka. Mwezi wotsatira anachoka pakhomo, atauza alongo ake kuti iye alibe mayi, ali ndi kalaliki. Zaka 22 zinadutsa osaponda pakhomo la amayi ake, osalemba kalata, osaimba foni. Tinkangomva kuti akuyendetsa magalimoto a katundu kutali.

Malemu sanadandaulepo pamaso pa anthu. Ntchito anapitiriza mpaka anapuma pa 31 Malichi 2011. Koma amene munagonapo kunyumba kwawo mukudziwa pemphero lawo la m'mawa. Ankatchula ana motsatana ndi kubadwa kwawo, ndipo akafika pa wachiwiri ankakhala chete nthawi yaitali, tiyi mpaka kuzizira. Chikalata chija anachitola pakawindo n'kuchipinda kanayi, ndipo chinakhala m'Baibulo lawo zaka zonsezi.

Matenda a shuga anawapeza nawo mu 2016. Mu 2022 maso anayamba kuchita mdima, ndipo chinawapweteka kwambiri n'chakuti munthu amene ankauza anzake kuwerenganso sankathanso kuwerenga yekha. Mu Juni chaka chino impso zinafooka, miyendo inatupa, ndipo pa 26 Ogasiti anagonekedwa m'chipatala. Anavutika. Sindikubisirani, anavutika kwambiri.

Ali momwemo anaitanitsa pepala kuti mbiri ino ilembedwe iwo akumva. Mwana wawo wamkulu, amene anawasamalira zaka zonsezi, anali ndi mkwiyo wake, ndipo palibe angamuweruze. Atafika pa otsala analemba kuti asiya ana awiri, ndipo powerenga anathamangirapo. Malemu anakweza chala n'kunena kuti, "Werenganinso." Anawerenganso. Iwo anati, "Ndinabereka atatu. Konza."

Tsiku lomwelo ndinawafunsa ngati akanasintha chaka chija, akanadziwa kuti zidzatha chonchi. Anati ayi, sakanasintha, chifukwa dzanja limene limanyamula Baibulo ndi lomwelo limene limagwira cholembera. Kenako analira, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akulira chimwalirireni amuna awo. Anati, "Chimene ndinalakwa n'chimodzi. Ndinayenera kutseka kawindo kaja n'kutuluka, ndimutsatire panja, ndimugwire dzanja. Ine ndinaitana wotsatira."

Mwana wamwamuna uja tinamufunafuna kudzera mwa madalaivala anzake, ndipo nambala yake inapezeka pa 10 Seputembala. Anamvetsera, nanena kuti abwera akatsitsa katundu. Malemu ankafunsa m'mawa uliwonse ngati wafika, ndipo chitseko cha wodi chikatseguka ankatembenuza mutu. Lachiwiri pa 17 Seputembala 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, anatisiya ali ndi zaka 73. Iye anafika Lachitatu.

M'malo mwa banja ndithokoze madokotala ndi anamwino amene anayesetsa mbali yawo, abusa ndi akulu a mpingo, amayi a gulu lawo amene ankasinthana pambali pa bedi, anzawo akale akuntchito amene mwabwera ndi ndodo zanu, ndi anansi amene mwatigwira mkono chiyambireni zovutazi. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Malemu asiya mlongo mmodzi, amene ndine, zidzukulu zisanu ndi ziwiri zimene tikuzidziwa, ndi ana atatu. Ndibwereza, monga akanafunira eni ake: ana atatu. Awiri akhala kutsogolo kuno, ndipo pakati pawo pali mpando wopanda munthu.

Iwe mwana wa mlongo wanga, ndakuona kuyambira m'mawa utaima kumbuyo uko pafupi ndi magalimoto, chipewa chili m'manja. Ine ndinakulakwira pokutuma pakawindo paja, ndipo ndikupepesa pamaso pa anthu onsewa. Amayi ako anandisiyira pepala ili kuti ndikupatse m'manja. Latha m'mopinda, koma tsiku lako likuwerengeka bwinobwino, ndipo dzanja ndi lawo. Anati ndikuuze kuti lero palibe mzere, palibe wotsatira, ndiwe wekha amene akukudikira. Chibale ndi fupa, sichiola. Bwera udzakhale pampando wako tisanatseke bokosi.

Achemwali, ntchito munaigwira, buku mwalitseka lopanda chofufuta. Ambuye amene munawatumikira akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.