Tsiku Limene Anatiletsa Kulira Maliro ku Springfield

Zaka zija titangofika kuno, agogo anu aakazi, a Nabanda, ankasamalira mayi ena okalamba achimwenye ku Springfield, akazi a bambo Desai, ndipo ankawasambitsa, kuwapesa tsitsi, mpaka anakondana ngati pachibale. Ine amwenye ndinkangowadziwira pakauntala m'masitolo a ku Limbe, koma za mapemphero awo sindinkadziwa kanthu. Tadala, ika foniyo pansi, nkhaniyi ndi ya agogo ako.

Mayi aja atamwalira, tinanyamuka kukapepesa. Inu obadwira kuno mumalowa pamaliro mwakachetechete ngati mukulowa m'chipatala, koma kwathu mzimayi amayambira kulira patali, kuti anamfedwa adziwe kuti m'bale wafika. A Nabanda anayamba titangotsika galimoto: "Mayo ine! Mayi anga andisiya!" Anthu ovala zoyera anatembenuka onse, ndipo mwana wamwamuna wa malemu anatuluka akuthamanga.

"Chonde, musalire choncho," anatero. "Mukuwabweza m'mbuyo."

Kuletsa munthu kulira maliro! Koma mawa lake ndinaona zoposa pamenepo: mwana yemweyo, ndi chala chake, anadina batani la ng'anjo yowotchera mtembo wa mayi ake. Pomwepo ndinatuluka.

Bambo Desai anandipeza panja, ndipo ndinawafunsa mosabisa: "Bambo, akazi anu mwawawotcha?"

"Tawotcha chimene ankakhalamo," anayankha. "Mwini wake weniweni, amene ife timati atman, amene ankayang'ana kudzera m'maso aja, sanayambe tsiku lobadwa ndipo sanathe dzulo."

Anandiuza kuti munthu amabadwa kambirimbiri, ndipo zochita zake, zimene iwo amati karma, zimamutsata kulikonse kumene wakabadwira, koma chimene amalakalaka ndi moksha, kumasuka kosabwereranso. Kulira mokuwa, ati, kumamukoka wapaulendo uja.

Ine ndine wa mpingo, zobadwanso sindinazivomere mpaka lero. Koma agogo anu zinawalowa mumtima. Zaka zonse ankandifunsa: "Abambo, kodi sindinawatsekere njira mayi aja? Mwinatu anabadwanso kwinakwake, akuvutika chifukwa cha pakamwa pangapa." Ndinkati tiyeni tikafunse, koma iwo manyazi. Anapeza ntchito kwina, ndipo ku Springfield sanapondekonso.

Tsono agogo anuwo atatisiya, tili m'nyumba mwathu ku Alexandria, amayi amvano akuimba, tinamva mfuu pamasitepe: "Mayooo! Mayooo!" Mawu a nkhalamba, lilime lokhota. Nditatsegula chitseko ndinapeza kuti ndi bambo Desai, ndodo m'manja, mwana wawo uja atawagwira mkono. Mukuseka? Nyimbotu inadukira pakati, amayi anagwira pakamwa, chifukwa kwathu mwamuna wamkulu sakuwa choncho pamaliro, ndipo palibe amene anali atawauza bambo Desai zimenezi.

"Bambo," ndinatero, "si inu munati kulira kumabweza munthu?"

"A Nabanda anatilirira mwachikwanu, ife sitinamvetse," anayankha akupukuta misozi. "Karma imatsata mtima umene munthu wachitira chinthu. Manja amene ankasambitsa mkazi wanga sangamutsekere njira."

Ndinatembenukira chithunzi cha agogo anu patebulo, ndikuti, "Mwamvatu, a Nabanda?" Koma yankho linali litafika mwini funso atapita.

Ndiye adzukulu anga, mukalowa m'nyumba ya anthu a mwambo wina, yambani mwafunsa. Ndipo mukalakwitsa, musabise funso mumtima ngati agogo anu, pitani mukagogode onse akadali moyo. Kuchokera ku Alexandria kupita ku Springfield ndi pafupi kwambiri, ndipo galimoto ndinali nayo zaka zonsezo.