Matenda a Bize

Basi inali itachedwa. Pabenchi la pasiteji, mayi wina wachikulire anatembenukira kwa bambo wovala tayi amene ankawenga zikhadabo.

"Pepani bambo, mukuoneka ophunzira. Kodi bize n'chiyani? Mwana wanga ndikamuimbira amangoti ali bize. Chaka chachiwiri chino. Ndi matenda?"

"Ayi mayi, n'Chingerezi chimenecho. Ndiye kuti watanganidwa, ntchito yamupanikiza."

"Mpaka osandifunsa mmene ndadzukira?"

"Munthu wa bize sapeza ndi mpata wodzikanda womwe."

Foni ya bamboyo inalira. Anaiyang'ana n'kuusa moyo, kenako anaiyankha.

"Amayi, ndili bize, ndikuimbirani."

Mayi uja anayang'ana zikhadabo zili mbwee pansi, n'kutambasula dzanja.

"Tabweretsani foniyo, mwanangu. Ndimuuze mnzangayo asadandaule, kwangotsala zala zitatu."