Nambala ya M'dzanja la a Gilford

Loweruka m'mawa ku Area 23, mayi Tionenji akuthirira amuna awo madzi osamba m'manja, anaona nambala ya foni yolembedwa ndi bolopeni m'dzanja lawo. A Gilford anali mphunzitsi wa masamu, munthu woyankha chokhacho chimene wafunsidwa.

"Bambo a Tracy, nanga ichi?"

"Ii, musaithire madzi! Ndakhala nayo masiku angapo, sindinathane nayo."

Mayi Tionenji anaika jagi pansi.

"Masiku angapo! Ndi yotani imeneyi yokusowetsani mtendere?"

"Ndi yayikulu ndithu," anatero a Gilford, akuyang'ana dzanja lawo mwachikondi. "Mukachotsa ziro wakutsogoloyu, yatsala pang'ono kukwana biliyoni."

"Hee! Mwayamba za akuluakulu tsopano?"

"Kukula si nkhani, mayi. Chondikoka ine n'choti ndi yovuta. Ndayesa kuigawa ndi thuu, yakana. Ndi fili, yakana. Seveni, yakananso."

"Wamakhalidwe eti? Akukana onsewo podikira ndani?"

"Ndikuikayikira kuti ndi pulayimu. Zoterezi zimalola wani yekha basi."

"Waniyo ndinu!"

"Ayi, wani ndi wani. Iye amalowa paliponse."

"Ndi zomwe ndikunenazo!" Anawomba m'manja mpaka nkhuku za aneba zinabalalika. "Lero lomwe ndikuitana ankhoswe, adzaione okha."

"Atsibweni anu aja? Sangaithe. Masamu anawasiyira sitandade faifi."

Mayi Tionenji anamanganso chitenje mwamphamvu. Zaka zonsezi ankauza anzawo kumpopi kuti mwamuna wawo sadziwa mkazi wina, amadziwa choko basi. Lero aseka ndani?

"Bweretsani foni yanu. Tambasulani dzanjalo!"

"Koma musafufute nayini wakumapetoyo."

"Ndimve mawu ake pulayimuyo. Ndimuuze kuti nyumba ino ili ndi mwini wake."

Mayi Tionenji anadina manambala aja, n'kuika foni kukhutu. Kunali zii. Kenaka kanyimbo kanayamba kulira m'chiuno mwawo, pamfundo ya chitenje.

Anamasula pang'onopang'ono. Kanali kafoni kawo katsopano, kamene anagula atawabera kakale m'minibasi ya ku Kawale. Nambala yake anali asanailoweze.

"Munati ndiisunge," anatero a Gilford. "Pepala linasowa."

Mayi Tionenji anayang'ana foni, n'kuyang'ana dzanja, n'kuyang'ana kumpanda kumene mitu iwiri ya aneba inali itasuzumira kale. Manyazi anabwera, koma sanawapatse mpando.

"Ndiye kuti masiku onsewa mwakhala mukuyesa kundigawa ineyo?"

"Eya, koma simukugawika. Madzulo ano ndimati ndiyese ndi sate seveni."

Mayi Tionenji anatola jagi ija n'kuwakhuthulira madzi onse m'dzanja.

"Yesani, bambo. Tione amene atsale m'nyumba muno."