Belu Likalira Adzadzuka

Ine, mkazi wa wankhonya amene anthu amamutcha Nyundo, wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, wokhala m'nyumba za lendi kuseri kwa malo ocheka matabwa, telala wosokera pakhonde, ndikupereka umboni uwu popanda munthu wondikakamiza. Chandibweretsa pano ndi mantha.

Nyundo ndi mwamuna wanga ndipo tili ndi mwana mmodzi wamkazi. Anayamba nkhonya tisanakwatirane. Ine ndimasokera bungwe la nkhonya makabudula ndi mikanjo, komanso ndimachapa nsalu zimene ankhonya amakulunga m'manja asanavale magolovesi. Holo yawo yophunziriramo ndimaidziwa ngati khonde langa, ndipo ndikamalowa palibe amandifunsa. Amangoti atelala afika.

Bambo apolisi, lembani kaye ichi, chifukwa popanda ichi zotsalazo simuzimvetsa. M'holo imeneyo muli lamulo la akochi, mphunzitsi wawo. Belu likalira, wankhonya aliyense amadzuka n'kukweza zibakera, kaya watopa, kaya akumwa madzi, kaya magazi ali chuchuchu m'mphuno. Wochedwa kudzuka amazungulira holo atasenza tayala la galimoto. Akochi amaliza belulo mwadzidzidzi, nthawi ina iliyonse, ati kuti thupi lizolowere kudzuka lokha mutu usanaganize. Mwamuna wanga ndiye anazolowera kuposa onse. Kunyumba, wanjinga akadutsa n'kuliza kabelu kake, iye ankadzambatuka pampando zibakera zili pachibwano, ine n'kumaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndinkamunena kuti ndinakwatiwa ndi mwana wa sukulu.

Lolemba sabata ino, m'mawa, ndinapita ku holo kukapereka kabudula amene mwamuna wanga amayenera kuvala pa nkhonya yake ya Loweruka. Ndinapeza akumenyana moyeserera ndi mnzake wamkulu thupi kumuposa. Onse awiri anali opanda zipewa zotchinga mutu. Ndinafunsa akochi kuti zipewa zili kuti. Anandiyankha kuti zakale zinang'ambika anataya, ndipo zatsopano akuzisunga m'mapulasitiki ake kuti zisade, chifukwa Lachitatu kukubwera komiti ya aphungu a nyumba ya malamulo yoona za masewero kudzayendera holo. Aphunguwo akuyendera malo onse a nkhonya kuchokera pamene wankhonya wina anafera m'zingwe za bwalo lomenyeranamo chaka chatha.

Ndili chiimire pafupi ndi zingwe, mnzake uja anamumenya mwamuna wanga pamwamba pa khutu lamanzere. Anagwa chagada, mutu n'kugunda pansi. Anangoti zii, miyendo ili tasa. Ine ndinakuwa, ndinafuna kulowa m'zingwemo, koma akochi ananditsekereza ndi mkono. Kenako anapita pakona n'kuliza belu. Mwamuna wanga anadzuka, zibakera pachibwano, maso akuyang'ana khoma. Akochi anaseka, ndipo mawu awo ndikuwakumbukira bwino. Anati, "Mwaona, atelala? Alibe kanthu uyu. Mutu ukakula sulewa nkhonya."

Titafika kunyumba anasanza pakhomo. Masana anakana chakudya. Mwana wathu atabwera kuchokera kusukulu, bambo akewo anamuitana ndi dzina la azakhali ake amene anamwalira kalekale. Mwana anandiyang'ana. Ndinati, "Bambo a mwana, tiyeni kuchipatala." Anakana. Anati akochi anena kuti wopita kuchipatala nkhonya yake yafa, ndiye tidikire Loweruka lidutse. Lachiwiri anaswera chigonere, akudandaula mutu, ndipo ndinaona kuti kadontho kakuda ka diso lamanzere kakula kuposa kanzake.

Lachitatu m'mawa kunabwera galimoto ya bungwe. Dalaivala anati ankhonya onse akufunika ku holo alendo asanafike. Ndinatseka makina anga n'kukwera nawo, chifukwa mwamuna wanga amakoka mwendo wakumanja poyenda.

Holo ija, abale, sindinaizindikire. Makoma anali atapakidwa penti, fungo lake lili guu. Zipewa zatsopano zinali zitandandalikidwa patebulo ngati zogulitsa. Pakhoma panali bokosi la mankhwala limene sindinalionepo chiyambire kusokera bungweli, panja pataima ambulansi. Panalinso bambo wina wovala chikhoti choyera, amene ine ndimamudziwa kuti ndi mlamu wa alembi a bungwe ndipo amagulitsa mankhwala m'sitolo pafupi ndi depoti.

Alembi a bungwe, amene ndi bwana wa akochi, atamuona mwamuna wanga malovu akutsika kukamwa, nkhope yawo inasintha. Anakokera akochi pambali n'kunong'onezana. Kenako awiriwo anamugwira m'khwapa, uku ndi uku, n'kupita naye kukachipinda kosungiramo katundu kumapeto kwa holo. Kachipindako kalibe windo, chitseko chake ndi chachitsulo, ndipo mumakhala matayala ndi matumba akale omenya. Anamugoneka pa matiresi ong'ambika, n'kutseka ndi loko. Kiyi anaika m'thumba la jekete ndi alembi.

Ndinawatsatira ndikuwauza kuti munthuyo akudwala, si katundu. Alembi ananditembenukira n'kulankhula motsitsa mawu. Anati, "Amayi, ndi ola limodzi lokha. Mukatsegula pakamwa, mwamuna wanu m'zingwe sadzalowamonso, ndipo inu makabudula mudzasokera agalu." Anandikhazika pabenchi, mikanjo ili pamiyendo, kuti aphungu adzaone kuti bungwe limapatsanso amayi ntchito. Ndinakhala.

Aphungu anafika dzuwa litakwera, ali ndi ojambula zithunzi. Wapampando wawo anali mayi wovala magalasi, wosaseka wamba. Anayendera holo, anagwira zipewa, anatsegula bokosi la mankhwala, anafunsa bambo wa chikhoti choyera mafunso, iye n'kumangogwedeza mutu. Kenako mayiwo anafunsa ngati pali wankhonya amene wavulala posachedwapa. Alembi anati, "Ayi, olemekezeka, kuno chitetezo ndiye nambala wani." Anafunsanso ankhonya amene anafola kukhoma. Onse anazolika, kuyang'ana nsapato zawo. Atafika pabenchi panga anandifunsa ngati ntchito ikuyenda bwino. Ndinangovomera ndi mutu, maso anga ali kuchitseko chachitsulo.

Atamaliza, wojambula wina anapempha kuti olemekezeka alize belu kuti chithunzi chikongole. Ndinaona akochi akutambasula dzanja kuti awaletse, koma anachedwa. Mayi aja anakoka chingwe, belu linati ngee! Ankhonya onse anadumpha, zibakera m'mwamba. Aphungu anaseka n'kuomba m'manja.

Kuomba m'manja kutatha, tonse tinamva phokoso kumapeto kwa holo. Du! Du-du! Du! Chitseko chachitsulo chimanjenjemera, loko ikuvina. Alembi anati ndi amisiri akukhoma malata kuseri. Mayi aja anavula magalasi n'kufunsa kuti, "Muli ndani mmenemo?" Phokoso lija limapitirira, ziwiri zofulumira ndi imodzi yolemera, momwe mwamuna wanga amamenyera thumba. Sindikudziwa kumene mawu anachokera, koma ndinaimirira, mikanjo n'kugwa pansi, ndinakuwa kuti, "Ndi mwamuna wanga! Akudwala mutu, amutsekera!"

Mayi aja analamula kuti atsegule. Alembi anayamba kupapasa m'matumba ngati kiyi wasowa, mpaka phungu wina wamwamuna anawauza kuti akapanda kutsegula aitana apolisi. Chitseko chitatseguka, mwamuna wanga anali chilili mumdima, wopanda magolovesi, zala zitasupuka, magazi akuyenderera mpaka m'zigongono. Sanayang'ane munthu aliyense. Anaponyanso chibakera chimodzi m'malere, n'kugwera pamapazi a olemekezeka.

Bambo wa chikhoti choyera anali atazemba kale. Ambulansi ija inapezeka kuti ilibe bedi m'kati, ndipo dalaivala wake anali atapita kukadya atatenga makiyi. Tinamunyamulira m'galimoto ya mayi wapampando, mutu wake uli pamiyendo panga.

Kuchipatala anamujambula mutu. Adokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti magazi aundana m'kati, kumanzere. Anati ayamba ndi mankhwala ndipo akapanda kusintha amuchita opaleshoni. Ananenetsa kuti asadzuke pabedi. Mawu awo ena anali akuti, "Mayi, munthu uyu ngakhale kumumenya khofi, mutha kumuika m'manda." Mayi wapampando anandigwira dzanja n'kundiuza kuti komiti iitana akuluakulu a bungwe kuti akayankhe, ndipo ine ndikafotokoze zonse pamaso pa aphungu. Tsiku limenelo ndinapuma pang'ono, ndinkayesa kuti zatha.

Lachinayi masana ndinabwerera kunyumba kukaphikira mwana ndi kutenga zovala zosinthira. Ndinapeza alembi a bungwe atakhala pampando wanga wosokera, pakhonde, akuzunguza gudumu la makina ndi chala. Mwana wanga anali ataima pakhomo atagwira chikwama cha sukulu. Alembi anandipatsa moni ngati mlamu. Anati matikiti anagulidwa kale, mlendo womenyana naye anafika kale, zithunzi za Nyundo zili m'mitengo yonse, ndiye nkhonya siingafe chifukwa cha mutu wowawa. Ndinawauza zimene adokotala ananena. Anaseka n'kunena kuti madokotala amaopa ndi chimfine chomwe. Ponyamuka anandigwira dzanja n'kuyang'ana zala zanga chimodzichimodzi. Anati, "Zala zabwino izi, amayi. Telala amadyera zala. Muzizisamala, ndipo kwa aphungu kuja musavutike n'kupitako." Anasisitanso mwana wanga kumutu n'kumufunsa kuti amaweruka nthawi yanji. Atachoka ndinatenga mwana n'kukamusiya kwa achemwali anga. Chichokereni pamenepo sindinathe kulowetsa ulusi m'singano.

Lero Lachisanu ndinapita kuchipatala nthawi yoona odwala ya masana. Bedi la mwamuna wanga ndinalipeza lopanda munthu, botolo la diripi likulendewera, paipi yake ikudontha pansi. Anamwino anati wodwala watuluka mwa kufuna kwake, abale ake amutenga. Ndinawafunsa kuti abale ake ati, poti m'bale wake ndine. Anangokweza mapewa, ati odwala ndi ambiri ndipo iwo anali kuchipinda china.

Amene anandiuza zoona ndi bambo wa bedi loyandikana, wothyoka mwendo. Anati kunabwera akochi ndi amuna ena awiri. Anamudzutsa mwamuna wanga ndi mawu, sanadzuke. Anamugwedeza phewa, anangobuula. Ndiye akochi anatenga supuni n'kumenya kapu yachitsulo imene ndinamusiyira pakabati. Mwamuna wanga anadzuka tsonga, anatsika pabedi zibakera zili pachibwano, iwo n'kumuveka jekete, kumugwiritsa cholembera kuti asaine, n'kutuluka naye. Bamboyo akuti anakuwa kuti munthuyo akudwala, koma mmodzi wa amuna aja anamulozera chala, iye n'kufunda bulangete kumutu. Wavomera kuti mukapita akakuuzani yekha.

Kuchokera kuchipatala ndinathamangira ku holo. Ndinapeza chipata chokhoma, mlonda akuti sanaone munthu. Foni ya mwamuna wanga ndi yozima, ya akochi ikungoitana. Ndinaimbira mayi wapampando pa nambala imene anandipatsa. Anayankha okha. Anati komiti inalembera bungwe kuti nkhonyayo iimitsidwe, koma bungwe layankha kuti dokotala wawo wamuyeza Nyundo n'kumupeza ali bwino. Dokotala wawo ndikumudziwa ine, ndi uja wa pa depoti. Mayiwo anatinso komiti ikumana Lachiwiri sabata ya mawa, ndipo tsikulo sangalisunthe okha. Ndinawakumbutsa kuti nkhonya ndi ya mawa. Iwo anati, "Mayi, ife timaitana anthu n'kuwafunsa mafunso. Otseka zipata ndi apolisi. Thamangani, ine ndiimbira akuluakulu awo." Ndi chifukwa chake ndili pano, ndipo ngati aimbadi kapena ayi, inu ndi amene mukudziwa.

Nkhonyayo ili mawa masana kubwalo lalikulu la masewero. Kumene amugoneka lero sindikukudziwa. Ndikuopa alembi, ndikuopera mwana wanga, ndikuopa ngakhale kubwerera pakhonde langa. Koma Lachiwiri ndikapita kwa aphungu, kaya zala zanga zidzakhalapo kaya ayi. Chimene ndikupempha ndi chakuti ndikapite kumeneko ndili mkazi wa munthu, osati wamasiye.

Mnzanu amene anandilandira pakauntala anandiuza kuti ndisade nkhawa, munthu wodwala chonchi sangaime m'zingwe, akakana yekha kapena akalephera kudzuka pakona. Achemwali anga anenanso zomwezo. Onsewa sakumudziwa. Ine ndamuona akudzuka pansi pa holo, ndamumva akudzuka mumdima wa kachipinda kaja, ndipo lero wadzuka pabedi la chipatala chifukwa cha supuni ndi kapu. Dzina la mwana wake waliiwala, koma belu sanaliiwale. Mukachedwa, mawa likalira, adzadzuka.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Andiwerengera, ndamva, ndipo ndi mawu anga.

Wosaina: mkazi wa Nyundo, telala ______________________

Wolemba umboni: wapolisi wa ku ofesi ya madandaulo ______________________