Chitseko cha Khoti la ku Kilcorran

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1941, m'kachipinda ka kuseri kwa khoti lathu kuno ku Kilcorran, kumene bambo awo ankasamalira nyumbayo. Ndikunena Bambo Malachy Tierney. Ine ndine mlamu wawo, Fintan, ndipo mundikhululukire mawu akamasasa, tonse tatopa.

Sukulu anailekeza mu 1955, poti mabuku sankagwirizana nawo. Mu 1963 bambo awo atatisiya, makiyi a khoti anagwera m'manja mwawo. Mu 1968 anakwatira mlongo wanga Nuala, amene mpaka lero amati analowa mitala osadziwa, mkazi wamkulu anali khoti.

Nyumbayo inamangidwa nthawi ya Angelezi, inapsa mu 1921, nimangidwanso, koma denga silinaleke kudontha. Malemu ankasonkha moto, kukolopa ndi kutchera zidebe. Koma ambirife timawakumbukira ndi chitseko. Maliro akamadutsa mumsewu, monga amachitira a masitolo, iwonso ankatseka chitseko cha khoti, ngakhale mlandu uli pakati. Woweruza wina wachilendo atakalipa, anamuyankha kuti, "Pepani bwana, wakuba nkhosayu mumupezanso mawa. Akudutsawo sabwereranso."

Mu 2009 milandu inasamutsidwira ku tauni yaikulu. Malemu anayenda m'maofesi kupempha kuti khoti lisatsekedwe, mpaka nsapato kuperepeseka, osaphula kanthu. Makiyi anabweza, chitseko chinakhomedwa matabwa. Kuyambira apo maliro akamadutsa ankangoima pakhonde, chipewa m'manja, alibe chotseka. Zinkatimvetsa chisoni.

Mtima unayamba kuwavuta mu 2021, ndipo anatisiya pa 14 Novembala 2023. M'chipatala imfa sankaiopa. Chinkawasowetsa mtendere n'chakuti iwo, amene anatsekera anzawo onse, adzadutsa popanda wowatsekera.

Asiya mkazi, ana atatu, Orla, Cathal ndi Bríd, ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza ansembe, anamwino, achinansi amene akumba manda, ndi amayi amene sanalole ketulo kuzizira. Tikuthokozanso a khonsolo, amene titawagwira mwendo alola Cathal kuzula misomali ija m'mawa uno.

Pano chitsekocho chili pululu. Popita kumanda tidzera kumeneko, ndipo onyamula bokosi musafulumire, chifukwa Nuala miyendo ikumuvuta. Wati akachitseka yekha.

Mzimu wa Bambo Malachy uuse mumtendere.